Lendi Imene Pilato Ankayesa ndi ya Pachaka

Inu amene mtima umayamba kuthamanga mwezi ukamatha, inu amene mukamva kugogoda pachitseko mumatsitsa wailesi poganiza kuti ndi alandilodi, khalani pansi ndikuuzeni za Pilato wa ku Likhubula. Vuto lanulo si lachilendo. Linalipo kale njanji isanafike n'komwe ku Kabula, kumene lero timati Blantyre.

Tsiku limene Pilato anabwerera kumudzi, kumayambiriro kwa chaka cha 1908, anali atanyamula ambulera basi. Pambuyo pake pankabwera mkazi wake Eneles atabereka khanda lawo Lily, kamphika kali pamutu. Anthu amene ankapalira chimanga m'mbali mwa njira anaimika makasu n'kumayang'ana. Onse ankakumbukira kuti miyezi isanu yapitayo munthu yemweyu anadutsa pomwepo atasenza bokosi lalikulu la zipangizo, akutsanzika mokweza ngati wopita ku Ulaya.

Filipo, mlongo wake wa Eneles, ndiye anayamba kuwalonjera. Pakamwa pa Filipo panalibe chitseko.

"Takulandirani, alamu! Nanga bokosi lija likubwera pambuyo ndi amtengatenga?"

Manyazi atamugwira, Pilato analowa m'nyumba ngati nkhuku yonyowa.

Kuti mumvetse kulemera kwa funsolo, muyenera kudziwa bokosi limenelo. Pilato anabwera ali mnyamata kuchokera kutsidya kwa Ruo, kwa Apwitikizi, alibe kanthu m'manja. Anakwatira Eneles n'kukhala chikamwini pansi pa phiri la Mulanje. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankasenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri, kumene ocheka ankachekera, kutsika nawo ku Likhubula. Malipiro ake anali masheleni anayi pa mwezi. Masiku opuma ankakhala pambali pa kalipentala wina wachikulire amene anaphunzira ku mishoni, kumugwirira thabwa, kuba luso ndi maso.

Zipangizo anagula chimodzichimodzi: sowo, puleni, hamala, sikweya ndi matchizulo atatu. Bokosi lozisungira anakhoma yekha ndi matabwa a mkungudza. Masiku amenewo kalipentala ankalembedwa ntchito ndi zipangizo zake. Wopanda zipangizo ankapatsidwa khasu. Choncho zaka zonse zisanu ndi chimodzi za thukuta lake zinali m'bokosi limenelo.

Kenaka kunamveka mbiri yoti ku Kabula akumanga masitolo, ndipo makalipentala akulandira masheleni khumi ndi awiri pa mwezi. Pilato atamva anasowa tulo masiku atatu. Ndalama ya miyezi itatu ya kuphiri, kuilandira mwezi umodzi! Sanadikire n'komwe kuti adzale. Anatenga mkazi, mwana ndi bokosi, ulendo wa masiku atatu wapansi.

Ntchito anaipeza tsiku lachiwiri lomwe. Anzake a pantchito ankagona m'misasa ya udzu kutali ndi tauni, koma Pilato anati mmisiri wa mkazi ndi mwana sangagone ngati wothawa nkhondo. Anamulozera kwa Che Makawa, Myao wina amene kale anali kapitawo wa amtengatenga, tsopano ali ndi kasitolo ndi zipinda zinayi za njerwa zofolera malata.

Eneles analowa m'chipindamo akuyenda monyang'ama, kuopa kudetsa pansi. Pilato anagogoda chitseko ndi chala, n'kuyang'ana denga.

"Ndi zingati, Che Makawa?"

"Masheleni sikisi."

Pilato anatembenukira kwa mkazi wake, nkhope ili ngwee.

"Mwamva, mayi a Lily? Chimodzimodzi msonkho wa boma! Kwathu timapereka sikisi pa nyumba ya udzu, kuno sikisi yemweyo pa nyumba ya malata. Anthu a kuno ndi aulemu."

Anamasula kansanza kake n'kulipira pompo.

Musamuseke msanga. Chibadwire Pilato anali asanaonepo munthu akulipira nyumba mwezi ndi mwezi. Kwawo ukafuna nyumba unkadula mitengo, mkazi n'kumweta udzu, anzako n'kudzakuthandiza kufolera, mowa n'kumwedwa, nkhani yatha. Ndalama yokhayo imene nyumba inkadya inali msonkho, kamodzi pa chaka, ndipo unali masheleni asanu ndi limodzi omwewo. Che Makawa sananene kuti "pa mwezi" chifukwa mu Kabula ngakhale mbuzi inkadziwa zimenezo. Pilato sanafunse chifukwa sankadziwa kuti pali chofunsa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Malipiro oyamba atalandira, Pilato anaona ngati dziko lonse ndi lake. Anagulira Eneles nsalu ziwiri. Anagula ketulo, ngakhale m'nyumbamo munalibe womwa tiyi. Ndiye anadzigulira ambulera yakuda ya mpini wopindika, yonga imene ankayenda nayo makalaliki a ku boma. Kunja kunali chilimwe, mvula inali isanaganize n'komwe zobwera.

M'mawa wa tsiku lotsatira Che Makawa anaima pakhomo, dzanja lili chitambasulire.

"Mwadzuka bwanji, amisiri? Mwezi watha."

"Watha ndithu," anayankha Pilato mosangalala. "Masiku akuthamanga."

"Ndabwerera mbiya zanga, ndalama za nyumba."

"Za nyumba iti?"

"Yomwe mwaimamoyi."

Pilato anaseka, poyesa kuti mkuluyo waiwala. "Paja ndinapereka, Che Makawa. Sikisi yense. Mayi a Lily ndi mboni."

"Munapereka za mwezi wathawu. Uno ndi mwezi wina."

Kuseka kunauma pakamwa. Pilato anayamba kuwerenga pa zala: mwezi uno sikisi, wamawa sikisi, winawo sikisi. Zala zinatha, chaka chisanathe.

"Ogo! Mukutanthauza kuti ndizikhoma msonkho kakhumi ndi kawiri pa chaka? Nyumba yake ikudya chiyani? Imadwala? Ili ndi ana?"

"Ndi mmene timakhalira kuno," anatero Che Makawa mosakwiya. "Denga la m'tauni limamva njala mwezi uliwonse."

Eneles, amene ankamvetsera ali m'kati, anangokhala pansi pomwe anaimapo, manja ali m'mutu.

Kudabwa sikunathere pomwepo. Mu Kabula nkhuni zinali zogula. Ufa wogula, mchere wogula, ngakhale chisoso chimene kumudzi amachizula n'kutaya chinali ndi mtengo. Eneles tsiku loyamba kuona mayi akugulitsa kamtolo ka nkhuni anaganiza kuti mayiyo wazungulira mutu. Pofika kumapeto kwa mwezi, chakudya ndi nkhuni zinali zitameza masheleni asanu ndi awiri.

Kwa miyezi itatu Pilato ankapereka theka la lendi, theka linalo n'kulonjeza. Mwezi wachisanu sitolo imene ankamanga inatha, makalipentala onse anauzidwa kuti adikire. Ngongole inafika masheleni khumi ndi asanu. Ketulo inapita, nsalu imodzi inapita, koma dzenje silinakwiririke.

Tsiku lomaliza Che Makawa analowa m'chipindamo n'kuyang'ana uku ndi uku. Munali mphasa, kamphika, ambulera ndi bokosi.

"Ndisunga ili," anatero akuloza bokosi.

Pilato anagwada pansi, munthu wamkulu ndi ndevu zake. "Tengani ambulera, bambo. Tengani malaya ndavalawa. Mukatenga bokosili mwandidula manja."

"Ambulera ndili nayo kale. Mverani, amisiri. Ine sindine wakuba. Ndilisunga mpaka titamaliza kusala, tsiku la Idi. Yatsala miyezi isanu ndi itatu. Mukabwera ndi mbiya zanga, bokosi ndi lanu. Idi ikadutsa, ndigulitsa."

Umu ndi mmene Pilato anafikira ku Likhubula ndi ambulera yokha. Kunena zoona inamuthandiza, chifukwa ulendo wonse wobwerera mvula inkagwa.

Kwa masabata awiri sanatuluke pakhomo. Ankakhala pakhonde kutukwana Kabula, kutukwana malata, kutukwana Che Makawa. Munda analibe chaka chimenecho, popeza anachoka asanadzale, ndiye ankadya za apongozi. Mkamwini wodya osalima, nsima imamuwawa pakhosi ngakhale ndiwo zitakoma.

Masana ena Eneles anabwera ndi lichero n'kukhala patsogolo pake. Eneles sanapondepo m'kalasi, koma palibe anamuberapo pa msika. Anatapa nandolo wouma m'chikwatu, n'kuwerenga njere khumi ndi ziwiri.

"Bambo a Lily, awa ndi malipiro anu aja. Perekani za Che Makawa."

Pilato monyinyirika anakankhira pambali njere zisanu ndi imodzi.

"Tsopano perekani za ufa, ndiwo ndi nkhuni. Paja zinali zisanu ndi ziwiri."

Pilato anawerenga zotsalazo. Zinali zisanu ndi imodzi. Anawerenganso.

"Yasowa imodzi."

"Ifuneni."

"Ndiipeza kuti? Palibe."

"Ndiye munthu amene mukumutukwanayo wakuberani chiyani? Ife tinagwa tsiku lomwe tinalandira kiyi. Ngakhale ntchito ikanapanda kutha, tikanagwabe. Msonkho sitinauwerenge. Mwana akadwala sitinawerenge. Maliro akagwa kuno kumudzi tikanabwera ndi chiyani?"

Pilato anafunsa motsitsa mawu, "Nanga munthu azilandira zingati kuti agone m'nyumba imene ija?"

Eneles anaika njere zisanu ndi imodzi pakati pa lichero. "Mulu uwu ndi wa denga." Anaika mulu wina wofanana nawo. "Uwu wa mimba, tikamadya mosamala." Anaikanso wachitatu. "Uwu wa msonkho, matenda, maliro ndi miyezi yopanda ntchito. Mphika sukhala pa mafuwa awiri. Werengani zonse."

Pilato anawerenga, maso ali tong'o.

"Khumi, zisanu ndi zitatu! Mayi a Lily, masheleni eyitini pa mwezi? Amalandira zimenezo ndani? Ndiye kuti ine ndinkagona m'nyumba ya kalaliki wamkulu ndi malipiro a kalipentala!"

"Ndi ambulera ya kalaliki yomwe," anatero Eneles.

Aka kanali koyamba Pilato kuseka chibwerere. Anaseka mpaka misozi, ndipo misozi inayo sinali ya kuseka. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti chinthu chimene chinamutayitsa zaka zisanu ndi chimodzi chikanaoneka pa lichero, mphindi zochepa chabe, asananyamuke.

M'mawa mwake anapinda nkhata n'kukwera phiri.

Kubwerera ku ntchito imene unaitsanzika monyada si masewera. Anzake osenza matabwa ankamuitana kuti "Bwana Kabula." Akafika potsetsereka, thabwa lalitali lili pamutu, mawondo akunjenjemera, wina ankakuwa kuti, "Amisiri, tsegulani ambulera!" Pilato ankangoluma mano. Mumtima ankawerenga miyezi yotsala kuti Idi ifike.

Masheleni anayi pa mwezi sankakwana kusunga, chifukwa banja lopanda nkhokwe limagula chakudya, ndipo msonkho unkadikira. Eneles anayamba kuphika kalongonda. Amene mumamudziwa kalongonda mukudziwa kuti safuna waulesi: umamuphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, apo ayi odyawo aledzera. Ankakhala patsinde pa njira ya kuphiri kugulitsa kwa osenza matabwa, chipande chimodzi kobiri imodzi. Kobiri iliyonse yopulumuka inkalowa m'kansanza, ndipo sheleni ikakwana Eneles ankaponya njere imodzi ya nandolo m'chikho.

Mwezi wa June Pilato anaterereka pa mwala n'kubinya phazi. Anagona masabata atatu akuyang'ana phiri. Atadzuka anayamba kukwera kawiri masiku ena, pamene anzake ankakwera kamodzi. Khosi linauma, tsitsi la pakati pamutu linatha.

Asilamu a ku Chinakanaka atayamba kusala, m'chikho munali njere khumi ndi imodzi. Patatha masabata atatu zinafika khumi ndi zitatu. Zinatsala ziwiri, masiku otsala osakwana khumi, ndipo atatu mwa iwo anali a ulendo.

Pilato anatenga ambulera n'kupita kwa mlamu wake.

"Alamu, mwakhala mukuiseka chaka chonse. Koma ndimakuonani mmene mumaiyang'anira. Masheleni awiri."

Filipo anaitsegula, anaitseka, anayenda nayo pabwalo uku ndi uku. Analipira osanenerera, ndipo anthu amati anapita nayo kutchalitchi Lamulungu lomwelo, dzuwa lili phwee.

Pilato anafika ku Kabula kutatsala masiku awiri kuti Idi ikwane. Tauni inali itasintha. Njanji inali itafika, anthu achuluka, paliponse akumanga. Ankaopa kuti mwina mkulu uja sanadikire. Anapeza Che Makawa atakhala pakhonde la sitolo, milomo youma ndi kusala.

Pilato anagwada, anamasula kansanza, n'kuyala masheleni khumi ndi asanu pamphasa.

Che Makawa sanawerenge msanga. Anamuyang'ana kuyambira kumapazi ong'aluka mpaka pa dazi latsopanolo.

"Anthu asanu ndi awiri anandisiyirapo katundu pakhomo pano," anatero. "Wobwerera ndinu nokha. Lowani muone."

Analowa m'kachipinda kosungiramo katundu. Pilato anaima kukamwa kuli yasa. Chiswe chinali chitalowa m'nyengo ya mvula. Mabokosi a nsalu anali atasanduka dothi, mashelefu atagwa, mpando watsala miyendo iwiri. Pakati pa chionongeko chonsecho panali bokosi lake, lathunthu, lopanda ngakhale kabowo kamodzi. Atalitsegula, fungo la mkungudza linadzaza chipinda. Zipangizo zonse zinalimo, zopakidwa mafuta kuti zisachite dzimbiri.

Pilato anatenga puleni n'kuigwira pachifuwa ngati mwana. Analira osabisa.

"Chiswe chadya nsalu zanga za mapaundi atatu," anatero Che Makawa, "koma bokosi lanuli chinangolizungulira. Amwenye awiri ndi kalaliki mmodzi akhala akundivutitsa kuti ndiwagulitse. Wina anafika pa paundi, bokosi lokha popanda zipangizo. Ndinawauza kuti Idi sinakwane. Tsopano ndiuzeni, mungakhome angati otere pa mwezi?"

Pilato anapukuta m'maso. "Anayi. Mwina asanu."

"Ndizigula onse, masheleni asanu pa bokosi lililonse. Ndipo chipinda chanu chija chilipo, amene analowamo wathawa sabata yatha. Kungoti tsopano ndi masheleni eyiti. Njanji yakweza zinthu."

"Eyiti! Pa mwezi kapena pa chaka?"

Che Makawa anaseka mpaka kutsokomola.

Koma Pilato sankaseka. M'mutu mwake ankayala nandolo. Milu itatu ya njere zisanu ndi zitatu, zonse pamodzi makumi awiri ndi zinayi. Mabokosi asanu akanabweretsa masheleni makumi awiri ndi asanu, koma pamenepo matabwa, misomali ndi wonyamula asanalipidwe. Mulu wachitatu unali wosakwana. Mtima unkafuna denga la malata lija, unkafunanso kuti Filipo ndi anzake a kuphiri amve kuti wabwerera m'tauni.

"Zikomo, Che Makawa, koma chipindacho si msinkhu wanga. Mkungudza uli kwathu, denga la kwathu silimva njala. Mabokosi azibwera kuno, ine ndizigona ku Likhubula."

Mkuluyo anagwedeza mutu. "Chaka chatha mukanayankhula chonchi, sitikanadana."

Ulendo uno Pilato analowa m'mudzi bokosi lili pamutu. Filipo anamuchingamira ndi ambulera n'kumufunditsa mpaka pakhomo.

Anamanga kashedi ka udzu kuseri kwa nyumba. Ankagula zidutswa za matabwa kwa ocheka, zimene kale zinkangowolera kuphiri, n'kumakhoma mabokosi. Anzake aja omutcha Bwana Kabula ndi amene anayamba kumusenzera katundu kupita naye kutauni, iye n'kumawalipira. Panali miyezi ina yoipa. Mvula ikakula matabwa sankatsika, ndipo ulendo wina mabokosi atatu anagwera mumtsinje wa Thuchila. Koma mulu wachitatu uja unkawanyamula, sanagonepo ndi njala.

Patapita zaka zitatu, Che Makawa anatumiza uthenga woti chipinda chakutsogolo, choyang'ana kumsewu, chatsala chopanda munthu, ndipo lendi yake ndi masheleni asanu ndi anayi. Pilato anaitana mkazi wake.

"Mayi a Lily, bweretsani lichero."

Eneles anawerenga phindu la mwezi wamba, osati mwezi wabwino, atachotsa matabwa, misomali ndi onyamula. Zinakwana njere makumi atatu. Anaziyala milu itatu, uliwonse njere khumi. Pa mulu wa denga anachotsapo zisanu ndi zinayi za Che Makawa. Inatsala imodzi. Anainyamula n'kuiika m'dzanja la mwamuna wake.

"Njere munkaifuna ija ndi iyi, bambo a Lily."

Chipindacho anachitenga. Kutsogolo ankagulitsiramo mabokosi, matebulo ndi mipando, kumbuyo ankagonamo akabwera m'tauni, ndipo Che Makawa sanaimenso pakhomo dzanja lili chitambasulire, chifukwa lendi inkamupeza mwezi usanathe. Njere ija Pilato anaikulunga m'kansanza n'kuisunga m'bokosi la zipangizo, pambali pa puleni, mpaka ukalamba wake.

Tsono inu amene mwabwerera kumudzi ndi chikwama chokha, inu amene katundu wanu watsekeredwa ndi alandilodi, musadzione ngati mwatha. Kubwerera m'mbuyo si kufa, ndipo kugona m'nyumba yaing'ono lero si temberero. Gwirani ntchito imene ilipo, ngakhale anzanu akuseke. Osataya mtima, bokosi lanu mudzalitenganso. Koma tsiku limene adzakutambasulireni kiyi wa nyumba yokongola, musathamangire kulandira. Yambani mwafunsa ngati ndi pa mwezi, kenaka khalani pansi muyale nandolo wanu milu itatu.